Za ma Montgomery aja, nkhani yatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa ngati msilikali Montgomery, amene mwana wanga akulemba za iye kusukulu, ali pachibale ndi Montgomery wolemba mabuku, poti pa Google mayina awo amatulukira pamodzi.

Ndinatsata malangizo a achimwene amene anati ndizilemba dzina lonse ndi malo. Zinayenda. Msilikaliyo ndi Bernard Montgomery wa ku Britain, amene anatsogolera asilikali pa nkhondo ya ku El Alamein, ku Egypt, mu 1942. Wolembayo ndi mayi Lucy Maud Montgomery wa ku Prince Edward Island, ku Canada, yemwe buku lake lotchuka, Anne of Green Gables, linatuluka mu 1908.

Enanu munati ndiwonjezere chaka. Apa samalani: mayiyu anamwalira mu 1942 momwemo, ndiye mukalemba "Montgomery 1942" abweranso onse awiri.

Palinso msilikali wina, Richard Montgomery, amene anaphedwa ku Quebec mu 1775. Mzinda wa Montgomery ku Alabama unatchedwa dzina lake. Banja la Montgomery la m'sewero la pa TV la Pretty Little Liars lija, limene mwanayo amalidziwa kuposa onsewa, ndi longopeka.

Ntchito yake wakapereka dzulo kwa aphunzitsi.