Mawaya atatu akungolendewera kuseri kwa dashibodi ya Land Rover

Abale anga ndithandizeniko, ndili kuno ku Kasungu ndikudzutsa Land Rover Series III ya 1978 ya malemu agogo, yakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango kumudzi ku Santhe mpaka makoswe anamangamo chisa. Injini ikulira bwinobwino koma nditatsegula dashibodi ndapeza mawaya atatu akungolendewera, nsonga zake zodyekadyeka.

Wabulawuni ndamuyeza ndi testa, ali ndi 12 volts ngakhale kiyi nditachotsa, ndiye ndikuganiza akuchokera ku batire chifukwa pa galimoto zakale za ku Britain bulawuni ndi wamoto nthawi zonse, wakuda ndi earth. Wachiwiri ndi wabulawuni wa kamzere kachikasu, kodi si wa kagetsi ka chaji kochokera ku alternator? Poti kagetsiko sikakuyaka ndipo batire ikumangotha. Wachitatu ndi amene wandizunguza mutu, wina wake kalekale anamulumikiza ndi waya wa m'nyumba n'kukulunga tepi, mtundu sukuoneka, akulowera pansi cha ku gearbox.

Ndimutsate bwanji osang'amba harness (mtolo wa mawaya) yonse? Ndikuopa kungogunditsa, ndingaotche galimoto ya agogo. Amene muli ndi wiring diagram chonde nditumizireni.