Galimoto ikumafooka ikafika lap yachinayi, ndingokweza boost kapena?

chiko_2lita:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru, pano mutu waima. Ndili ndi ka 2.0 turbo ka petulo komwe ndimapita nako ku track, boost (mmene turbo ikupanikizira mpweya wolowa mu injini) ili pa 1.2 bar, intercooler yoziziritsa mpweya wa turbo ndi yomwe inabwera ndi galimoto, ma injector ndi pampu ya mafuta sindinasinthe. Pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto aja, inatuluka bwinobwino, ndipo ma lap (maulendo ozungulira track) awiri oyamba imathamanga ngati yaba, koma ikangofika lap yachinayi kapena yachisanu mphamvu imayamba kuthawa, ndimaponda mpaka pansi koma imangokoka mwaulesi makamaka mu giya 4 powongoka paja, komanso nthawi zina potuluka pa kona ina yaitali yokhotera kumanja imachita ngati yatsamwa pang'ono kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Check engine siyaka. Ndimaloga (kujambula manambala a injini ikuyenda) ndi kachipangizo ka bluetooth kolowetsa pa soketi ya OBD kaja ndi foni, ndayang'ana manambala sindikuona chachilendo, AFR (kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta) ikungoonetsa 11.7 basi. Ndiye ndimaganiza zongokweza boost ifike 1.4 kuti mphamvu ikamatsika ndizikhala ndi yotsala. Ndikulakwitsa?

Madala_Spana:
Amwene boostyo musaigwire kaye chonde, mudzalira. Tiyambe ndi logi yanuyo chifukwa ine sindikuikhulupirira. Tizipangizo ta bluetooth timeneti timafunsa ECU (kompyuta ya injini) chinthu chimodzi, kudikira yankho, kenako kufunsa china, ndiye mukasankha zinthu 10 pa foni chilichonse chimasintha mwina kamodzi kapena kawiri pa sekondi. Pomwe injini ya ma silinda 4 ikakhala pa 6000 rpm ikuzungulira ka 100 pa sekondi, kuphulitsa ka 200. Kutsamwa mukunenako mwina sikukwana ndi theka la sekondi lomwe, kumadutsa foni isanafunse n'komwe.

Chachiwiri, 11.7 yosasuntha ngati yomatidwa ija mukuitenga kuti? Ndikukayikira kuti mukuwerenga nambala yomwe ECU ikufuna, osati yomwe ikutulukadi ku ekizozi. Ndipo ngati sensa yanu ya pa ekizozi ndi ya narrowband imangodziwa zapafupi ndi 14.7, AFR yomwe petulo amapsa bwino, kwinako imangolota. Pezani wideband yomwe imawerenga ngakhale kutali ndi 14.7, zambiri zimagwiritsa sensa ya Bosch LSU 4.9, ndipo muloge ndi waya pa laputopu kapena mkati mwa ECU momwemo, ka 20 pa sekondi kupita m'mwamba. Musatenge zinthu zambirimbiri: rpm, throttle, boost yomwe ikufunidwa ndi yomwe ikubwera, lambda (AFR ya petulo mutaigawa ndi 14.7, ikakwera ndiye mafuta achepa), timing (nthawi yomwe spark imayaka), knock retard (madigiri omwe ECU yabweza timing injini ikagogoda), IAT (kutentha kwa mpweya wolowa mu injini), injector duty (gawo la nthawi yomwe injector imakhala yotsegula), kutentha kwa madzi. Mukakhala ndi GPS ya 10Hz ikaninso kuti tione kuti vuto likuchitikira pa kona iti.

nachisale_rs:
Ndikugwirizana ndi a Madala, koma zofooka pa lap 4 zo ine ndingabetche kuti ndi kutentha basi. Anthu amaiwala kuti dyno ndi masekondi 10 kapena 15 chifani chili pamphuno pa galimoto, kenako kupuma, pomwe ku track ndi mphindi 15 kapena 20 mukuipanikiza osaipatsa mpata. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, pa 1.2 bar ukamatuluka mu turbo umakhala utadutsa madigiri 120 mosavuta, ntchito ya intercooler ndi kuuziziritsa koma nayo ndi chitsulo, lap iliyonse ikusunga kutentha pang'onopang'ono mpaka imakhuta. IAT ikakwera ECU imabweza timing dala kuti injini isagogode, ndipo timing ikabwerera mphamvu imapita, ekizozi imatenthanso kwambiri. Ndiye galimoto yanu siikudwala ulesi ayi, ikudziteteza. Mukakweza boost muwonjezera moto pamoto, mudzapeza kuti yayamba kufooka lap yachiwiri.

Komanso tisasokoneze, knock ya mu logi si kunoka kuja timanena injini ikafa. Iyi ndi petulo kuphulika yekha mosalongosoka spark itayaka kale, imamenya pisitoni ngati hamala. Kungoti mukainyalanyaza mapeto ake ndi kunoka kwenikweni kuja kkkk

bro_wa_boost:
Aise ingothira E85 (mafuta a ethanol osakaniza ndi petulo pang'ono) basi, imazizira komanso siigogoda, nkhani yatha. Ma graph ambiriwa ndi otaya nthawi

chiko_2lita:
Ndabweranso akuluakulu. Ndinabwereka wideband kwa mnzanga n'kuloga ndi waya ka 50 pa sekondi, ndipo ndachita manyazi chifukwa zomwe ndaona ndi zina zina. IAT lap yoyamba inali 34, pofika lap yachisanu 63. Timing pa 5500 rpm mu giya 4 inayamba 14 madigiri kenako kutsika mpaka 9, ndiye achemwali a nachisale munalasa. Boost ikufika 1.2 bwinobwino osavuta. Koma chomwe chandiopsa ndi ichi, lambda imakhala 0.80 nthawi zonse ndikaponda, koma pa kona yaitali ija potuluka imalumpha kufika 0.93 kwa kanthawi kochepa ngati 0.3 ya sekondi, pomwepo knock retard imagwa ndi madigiri 4, kenako zonse kubwerera. Sizikuchitika lap iliyonse, zinayamba lap 6 kupita kutsogolo. Injector duty ikufika 91% pa 6500. Sensa yabwerekedwayi ikunama kapena?

Madala_Spana:
Siikunama, ikanakhala yonama sibwenzi ikusankha kona imodzi yomweyo. Funso limodzi lokha: mu tanki munali mafuta ochuluka bwanji?

Ndikufunsa chifukwa mukakhota kumanja nthawi yaitali petulo yense amathawira kumanzere kwa tanki, ngati watsala wochepa pampu imakoka mpweya, ndipo zimaonekera potuluka pa kona chifukwa ndi pomwe mumaponda injini n'kufuna mafuta ambiri mapaipi ali ndi thovu. Lambda 0.93 pa msewu wamba mukuyenda pang'onopang'ono si nkhani, koma pa 1.2 bar mpweya uli pa madigiri 60 ndi mmene ma pisitoni amasungunukira. Ine zinandichitikirapo zaka zapitazo ndisanayambe zologa, ndinkangomva ka "kh" kamodzi pa kona ndimvekere ndi matayala akutsetsereka, tsiku lina utsi wabuluu kumbuyo, titatsegula tinapeza m'mphepete mwa pisitoni imodzi mwadyeka ngati mwalumidwa ndi khoswe, pulagi yake yoyera mbuu nsonga itatha. Mpaka lero pisitoniyo ili pa shelefu mu galaja.

Kuti mutsimikize ikani sensa ya fuel pressure muloge limodzi. Ngati galimoto yanu ili ndi regulator yotsatira boost, pressure imayenera kukwera mofanana, mwachitsanzo yoyambira 3 bar kuphatikiza boost 1.2 muyenera kuona 4.2. Ikamagwa nthawi yomwe lambda ikulumpha ndiye mwamugwira wakubayo. Njira yachangu ndi kulowa mu track tanki ili pamwamba pa theka, njira yokhalitsa ndi surge tank, kathanki kakang'ono kokhala kodzaza nthawi zonse komwe pampu yaikulu imakokamo.

Za 91% zija. Pa 6500 rpm injector ili ndi ma millisecond 18.5 okha pa maulendo awiri a kiranki, inu mukudya pafupifupi 17. Ambiri safuna kudutsa 85. Ndiye 1.4 bar munkafunayo mafuta ake akanachokera kuti? Ndi yankho lomwelo kwa a bro_wa_boost, E85 ndi yabwinodi pa knock sindikukana, koma imafuna mafuta ochuluka ndi 30% kapena kuposa chifukwa iyo imapsa bwino pa AFR ya 9.8 osati 14.7, ma injector awa afika kale pamapeto.

nachisale_rs:
Ndiwonjezere kamodzi, kona yomwe ikuthamangitsa petuloyo ikuthamangitsanso oyilo mu sampu, ndipo imeneyo ECU zambiri sizikuuzani, kagetsi ka oyilo ka pa dashibodi kamayaka pressure itagwa kale pansi penipeni. Logani oil pressure, kalamulo kakale ka amakaniko kamati 10 psi pa 1000 rpm iliyonse, si lamulo la injini zonse koma mukaona mzere ukugwa pakati pa kona rpm ili m'mwamba ndiye mukufunika ma baffle, timakoma toletsa oyilo kuthawira mbali imodzi, mu sampu. Za IAT yambani ndi zosavuta, onani ngati mphepo ikudutsadi mu intercooler kapena ikuthawira m'mbali, tsekani mipata, wongolani tizipsepse topindika, musanathamangire kugula yaikulu. Ndipo sinthani chinthu chimodzi, logani, kenako china, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza.

chiko_2lita:
A Madala mwandigwira kkkk, ndinalowa ndi kota tanki dala kuti galimoto ipepuke, ndimadziona ochenjera. Dzulo ndinabwerera nditadzaza, ma lap 9 lambda osadutsa 0.82 pa kona ija, kutsamwa kuja kulibe. Timing ikubwererabe IAT ikadutsa 55 ndiye kumapeto kwa sabata ndikutseka mipata ya kutsogolo ija ndione ngati itsike. Boost ndaisiya pa 1.2. Sensa ya oyilo ndaitanitsa, kodi ndiimange pomwe pali switch ya kagetsi paja ndi kacholumikizira ka T kapena pa sandwich plate, kambale kolowa pakati pa injini ndi fyuluta ya oyilo?

Madala_Spana:
Paliponse pawiripo iwerenga, koma mukasankha T musaipachike pa injini penipeni, kulemera kwa sensa ndi kunjenjemera kumathyola ka T ka brass kaja oyilo yense n'kutayika. Kokani kapaipi kafupi sensayo muimangirire pa bodi.