Makala a kukhitchini atiyalutsa ku Makanjira, tichite bwanji?

Che Jafali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagula katundu wa kampu ya kampani ina yofufuza miyala ya mumchenga kuno ku Makanjira. Chakudya cha antchito timaphikira makala, ndipo amatigulitsa ndi bambo wina wa mudzi woyandikana nafe. Sabata yatha wina anajambula galimoto yathu itasenza matumba, dzina la kampani lili pachitseko, n'kuponya pa Facebook kuti a migodi akutha nkhalango ya Namizimu. Mabwana akuti ndimusiye bamboyo lero lomwe. Komatu pamsonkhano wa mafumu tinalonjeza kuti tizigula kwa anthu a konkuno.

Mayi Asiyatu: Che Jafali, bamboyo ali ndi laisensi ya dipatimenti ya nkhalango? Chikonzereni lamulo la nkhalango mu 2020, kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo galimoto imatha kulandidwa. Apatu yonyamula ndi yanu.

Che Jafali: Alibe, mayi. Amati amadula m'munda mwake, koma makala ake ndi olemera, a mitengo yachilengedwe.

Bambo Gondwe: Ndiye pa makalapo mabwana sakulakwa. Pitani ku gasi. Vuto ndi msewu wanuwo nthawi ya dzinja, choncho musawerengere za sabata imodzi, khalani ndi masilinda apadera mvula isanayambe. Ngati ophika akakamira makala pa nyemba, gulani okhala ndi chilolezo monga a Kawandama Hills, risiti muzisunga.

Mayi Asiyatu: Gasi ndavomera, koma zongomutaya munthuyo ayi. Akatuluka pageti atakwiya, mudzi wonse umva kuti kampani yabwera kudzakumba mchenga wathu koma ngakhale thumba limodzi sitigula. Mbiri imeneyo ndi yovuta kuifufuta kuposa chithunzi, chifukwa a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, akamadzamva maganizo a anthu pa ESIA, kafukufuku wa momwe mgodi ungakhudzire chilengedwe ndi anthu, odzayankhula ndi omwewo. Musinthireni oda. Kampu imadya mpunga, mazira, tomato, mbuzi. Muthandizeni kutenga TPIN, nambala ya msonkho, ku MRA, mumupatse LPO, kalata yoitanitsira katundu, ya miyezi ingapo kuti adziwe polimira. Ndipo mulipireni msanga. Izi zoti invoice idikire masiku 60 n'za makampani a ku Blantyre, munthu wa kumudzi mpamba wake ndi womwewo.

Achimwene Saidi: Onaninso nsomba. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala chambo chimakhala chikuswana, koma m'makampu ena chimapezekabe m'mbale. Mchenga womangira nawonso, funsani kuti akukumba pati, ndipo khonsolo ikudziwa kapena ayi. Ife kuntchito kwathu fomu yolembera wotigulitsa katundu tinaiwonjezera mzere umodzi: katunduyu wachokera kuti, ndipo watsimikiza ndani. Wa ku stores salandira ngati mzerewo uli wosalemba.

Che Jafali: Nanga za pa Facebook tiyankhe?

Bambo Gondwe: Musakane, chithunzi chilipo. Yambani mwakaonana ndi agulupu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo, a nkhalango a pa boma akhalepo. Mukagwirizana tsiku losiyira makala, ndiye mulembe.

Che Jafali: Zikomo nonse. Mawa ndikakamba ndi bamboyo ndisanapite kwa mabwana. Che Saidi, nditumizireni fomu yanuyo. A Gondwe, pophikira anthu 40, silinda ya 48kg imatha masiku angati?