Atambala achuluka m'khola, ndichite nawo chiyani?

Mayi wa ku Mtendere:
Akuluakulu, pa anapiye 14 a nkhuku zakumudzi, 8 akuoneka ngati atambala. Ali ndi masabata 6. Malo kuseri kwa nyumba ndi ochepa, ndipo chomwe ndikufuna ndi mazira basi. Ndiwasunge kapena ndiwachotse?

Woweta wa ku Chilanga:
Mayi, n'zachibadwa zimenezo, pafupifupi theka la anapiye oswedwa amakhala atambala. Koma musafulumire. Tsumba lofiira pamutu limanamiza pa msinkhu umenewo. Dikirani masabata 12 mpaka 14: nthenga za m'khosi ndi za pamsana pafupi ndi mchira zimasongoka mwa tambala, pomwe za msoti zimakhala zobulungira kunsonga.

Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10. Akachuluka amasinthana pa thadzi limodzi, nthenga za pamsana zimathothoka, khungu limang'ambika ndi zikhadabo, kuikira kumatsika. Ngati simufuna anapiye ena, tambala safunika n'komwe, thadzi limaikira lokha.

Amene aonekeratu, apatuleni pa masabata 10. Khola lawo mulitchinge ndi masaka kapena malata kuti asaone misoti, chifukwa ndewu zambiri zimayambira pamenepo. Ikani modyera muwiri motalikirana, apo ayi wamphamvu amathamangitsa anzake. Gaga yekha sakuza nkhuku msanga. Sakanizani magawo 3 a gaga ndi gawo limodzi la soya wokazinga n'kugaya, osati wamuwisi, amene amasokoneza m'mimba. Katemera wa chitopa asaphonye ngakhale ali a ndiwo.

Bambo wa ku Matero:
Kuonjezera apo, musawasunge kupyola miyezi 5 kapena 6. Akayamba kulira, kukula kumachepa koma kudya ayi, nyama imalimba, ndipo a nyumba yoyandikana adzakudandaulani m'mamawa uliwonse. Muzipha mmodzimmodzi, kuyambira wandewu. Madzulo ake mumchotsere chakudya, madzi okha akhale, kuti matumbo asavute potumbula. Madzi ososolera atenthe pafupifupi madigiri 60, owira kwambiri amasupula khungu. Amene wamwa mankhwala, dikirani masiku olembedwa pa paketi.

Za kuthena zilipo, koma machende a tambala ali mkati, amang'amba pakati pa nthiti ziwiri zomaliza. Popanda wodziwa, ambiri amafa ndi magazi. Pa atambala 8 musazivutikire.

Wogulitsa nkhuku, msika wa Soweto ku Lusaka:
Ine ndisiyana nawo pang'ono abambowa. Kudya onse n'kutaya ndalama. Nkhuku yakumudzi imagulidwa bwino kuposa broiler, makamaka kumapeto kwa mwezi, pa 24 Okutobala (tsiku la ufulu wa Zambia) ndi pa Khirisimasi. Wogula amainyamula n'kupapasa chidali, ndiye yoonda samaifuna. Pobwera nazo musazimange miyendo n'kuziunjika m'saka padzuwa, zimabanika.

Mukafuna wosunga, mayi, sinthanani ndi munthu wa khola lina kuti asakwere alongo ake. Watsopanoyo akhale payekha masabata 2 musanamuphatikize.