Za conditionnel passé zija: zatheka, zikomo nonse

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene mneni wa Chifalansa amasinthira ponena zomwe zikanachitika koma sizinachitike, nthawi yotchedwa conditionnel passé. Ndinatsata malangizo a mayi wina amene anati ndisiye kuloweza mneni uliwonse pawokha, ndiyambe ndagwira aneni othandizira avoir ndi être mu conditionnel présent (nthawi yonena zomwe zingachitike): j'aurais, tu aurais, il aurait, komanso je serais, nous serions. Ukazigwira zimenezi, umangowonjezera participe passé (maonekedwe a mneni osonyeza zochitika kale) basi: j'aurais mangé, nous serions partis.

Zinandithandizadi. Pa ntchito yolemba yomwe aphunzitsi anatipatsa, ziganizo zanga zonse za nthawi imeneyi zinali zolondola.

Kwa amene akuvutika ngati mmene ndinkavutikira, chenjerani ndi mawu akuti si, otanthauza “ngati”. M'Chichewa timati “ndikanadziwa, ndikanabwera”, mbali zonse ziwiri mofanana, ndiye dzanja limathamangira kulemba si j'aurais su. Ayi ndithu. Pambuyo pa si pamabwera plus-que-parfait, nthawi yonena zomwe zinali zitachitika kale: si j'avais su, je serais venu. Ndinalemba chiganizo chimenechi pakapepala n'kumata pachitseko.

Aneni otenga être pa passé composé (nthawi yonena zomwe zinachitika), monga aller, venir, naître, mourir ndi onse odzichitira ngati se lever, amatenganso être pano, ndipo nthawi zambiri participe imagwirizana ndi mwininkhani: elle serait venue, elles seraient venues. Koma sortir ikakhala ndi chinthu chotulutsidwa imatenga avoir: j'aurais sorti la voiture.

Bambo amene munati nthawi imeneyi imapezekanso m'nyuzipepala, munanena zoona. Atolankhani akalemba il aurait démissionné, akutanthauza kuti akuti watula pansi udindo koma sizinatsimikizike.