Chingerezi cha kalasi 7: tizifotokoza mu Chipwitikizi kapena mu Chichewa?

Mphunzitsi_Tsangano:
Aphunzitsi anzanga a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndithandizeni maganizo. Ana a kalasi 7 akuphunzira Chingerezi pomwe ambiri Chipwitikizi chenichenicho sichinakhazikike, popeza kunyumba ndi kumsika amayankhula Chichewa chokhachokha. M'kalasi muli ana oposa 60, phunziro ndi la mphindi 45, mabuku ndi ochepa. Malamulo a galamala tiziwafotokoza m'chilankhulo chiti?

Achimwene_Ulongwe:
Fotokozani mu Chichewa, koma mwachidule. Mwana amene akuphunzira chilankhulo chachitatu kudzera mu chachiwiri chomwe sachimva bwino amangoloweza, mayeso akatha zonse zimauluka. Sizachilendo kwathu kuno: pulogalamu yoyeserera ya maphunziro a zilankhulo ziwiri yotchedwa PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, idaphunzitsa ana mu Chinyanja kuno ku Tete komanso mu Chichangana ku Gaza.

Mphindi 45 zigaweni motere: 5 kubwereza za phunziro lapita, 10 kumva ndi kutchula mawu atsopano (asapitirire 8), 5 kufotokoza lamulo mu Chichewa, 15 kuyankhulana awiriawiri pa desiki pomwe akhalapo, 10 kulemba m'kope. Chachikulu, musalembe liwu pabolodi ana asanalimve ndi kulinena katatu kapena kanayi. Akaliona kaye amaliwerenga ndi malamulo a Chipwitikizi, momwe "h" satchulidwa, ndiye "house" amakhala "ausi" ndipo kuchotsa zimenezo kumatenga chaka.

Mayi_Furancungo:
Ndionjezere za katchulidwe, chifukwa apa ndi pomwe ana athu amagwa. Mu Chichewa "th" ndi "ph" ndi t ndi p otuluka ndi mpweya, monga "thumba" ndi "phiri". Choncho "think" ndi "phone" amazitchula mwa Chichewa. Aonetseni lilime pakati pa mano pa "think", ndipo muwauze poyera kuti "ph" wa Chingerezi ndi f. Vuto lina ndi l ndi r, zomwe kwa ife sizisintha tanthauzo. Nenani "light" kapena "right", ana akweze dzanja lamanzere kapena lamanja. Mphindi 3 pa phunziro lililonse zikwanira, ndipo mumaona kalasi yonse nthawi imodzi. Komanso amaika lembo la liwu kumapeto, "book" nkukhala "buku". Mwana wotere musamukalipire, akutsata kamangidwe ka Chichewa. Aombe m'manja kamodzi pa "book", kawiri pa "buku", amva okha kusiyana.

Bambo_Zobue:
Ndikugwirizana nanu, komabe Chipwitikizi musachitaye konse. Pa "he" ndi "she" Chichewa chili ndi "iye" basi, pomwe "ele" ndi "ela" amalongosola nkhaniyo pompopompo. Mawu ngati "nation" ndi "nação" nawonso amathandizana. Chenjerani ndi "push": ana amaganiza za "puxar", kukoka, pomwe tanthauzo lake ndi kukankha. Pa zaka, zilankhulo zonse ziwiri zimasocheretsa, "ndili ndi zaka 13" ndi "tenho 13 anos" zimabala "I have 13 years". Aphunzitseni "I am 13" ngati chiganizo chathunthu, osachimasulira liwu ndi liwu.

Za mabuku, kambiranani pa msonkhano wa ZIP, gulu la sukulu zoyandikana: sukulu iliyonse ilembe makambirano 5 afupiafupi pa mapepala aakulu, muzisinthana mwezi ndi mwezi. Nkhani zake zikhale zogula ndi kugulitsa pa malire ndi Malawi, ku Calómuè kapena Zóbuè, komwe ana amadziwa kale kuti Chingerezi chimagwira ntchito.