Ndithandizeni kupeza filimu yophunzitsira malonda a pakati pa mayiko

Aphunzitsi anzanga, ndabwera ndi pempho. Ndimaphunzitsa Fomu 3 pasukulu ina yoyendera kuno ku Mchinji, ndipo tafika pamutu wa malonda a pakati pa mayiko. Ndikamalemba pabolodi ana amangoti duu, koma ndikangotchula za pa Mwami, pamalire athu ndi Zambia, aliyense amafuna kuyankhula. Ambiri makolo awo amawolokera ku Chipata kukagula ndi kukagulitsa katundu, ndipo kwacha yathu itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anaona okha mmene feteleza ndi sopo zinakwerera.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti a ku Chipata timamvana nawo chinenero, ndiye anawa akuganiza kuti malonda kulikonse amayenda choncho. Ndikufuna aone munthu akuvutika kugwirizana mtengo ndi mnzake wa chikhalidwe china, monga amene amakaoda katundu ku Dar es Salaam kapena ku China: kapatsidwe ka moni, kusunga nthawi, ngakhale kakanidwe kopanda chipongwe. Zimenezi m'buku sizimveka.

Kodi alipo amene anagwiritsapo ntchito filimu yotere m'kalasi? Ikhale yoyenera ana, ya Chingerezi chosathamanga, makamaka yochitikira mu Africa muno. Piriyodi ndi mphindi 40 zokha, ndiye mumaidula m'zigawo kapena mumaonetsa Loweruka? Pulojekita tilibe, ndili ndi laputopu yanga basi, ana opitirira 60. Amene munayesapo, munawafunsa mafunso otani akatha kuonera kuti zisathere pa chisangalalo chokha?